Livingstone ndi sitima yake ya mphumu

Anzanga, Loweruka lapitali ndinali pa doko la Kachulu, ulendo wa ku Chisi. Titangoyenda pang'ono injini ya boti inazima, moti tinafika mochita kupalasa. Apo m'pamene ndinakumbukira David Livingstone, chifukwa nayenso sitima inamugwiritsa fuwa lamoto.

Bambo ameneyu anabadwa pa 19 March 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, komwe kunachokera dzina la Blantyre wathuyu. Kwawo kunali kosauka. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito m'fakitale ya thonje, sukulu n'kumapita madzulo ataweruka. Komabe anaphunzira mpaka kukhala dokotala ndi mmishonale, ndipo anafika ku Africa mu 1841.

Mu 1858 boma la Britain linamutuma kuti aone ngati mtsinje wa Zambezi ungakhale njira ya malonda abwino, kuti malonda a akapolo athe. Anabwera ndi sitima yotchedwa Ma Robert, dzina la mkazi wake Mary, kutanthauza amake Robert. Inkayendera nthunzi, ndipo m'mbali zonse ziwiri inali ndi mawilo opalasa madzi. Koma kudya nkhuni kwake, eee! Anthu ankatha tsiku lonse akudula mitengo, koma ikanyamuka ngakhale mabwato ankaipitirira. Chifukwa cha kupuma kwake kwa wefuwefu anaipatsa dzina loti yamphumu.

Zambezi atakanika pa mathithi a Cahora Bassa, Livingstone analowa mu Shire mu January 1859. Nakonso mathithi a Kapichira anamutsekera njira. Ulendo wachiwiri anasiya sitima kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa, n'kuyamba wapansi pamodzi ndi John Kirk ndi Amakololo. Pa 18 April 1859 anaona nyanja yathu ya Chilwa, ndipo anapeza kuti madzi ake ndi amcherecherepo. Mu September chaka chomwecho anafika ku nyanja ya Malawi, wapansinso.

Ma Robert inamira mu Zambezi mu December 1860. Mary anamwalira ndi malungo ku Shupanga mu 1862, ndipo mu 1863 boma linalamula kuti ulendowo uthe. Livingstone anamwalira mu May 1873 kwa Chitambo, ku Zambia wa lero. Susi ndi Chuma anatsogolera anthu amene ananyamula mtembo wake mpaka ku Bagamoyo, ndipo anaikidwa ku London.

Masiku ano alendo amalipira ndalama zambiri kukwera boti pa Shire ku Liwonde, kuona mvuu ndi njovu. Ku America, pa mtsinje wa Mississippi, akadali kunyamula alendo pa sitima za mawilo. Kwa iwo ndi chisangalalo. Nthawi ya Livingstone linali thukuta lokhalokha, makamaka kwa odula nkhuni aja.

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Dzina la sitima ndikulidziwa, koma mayina a anthu a kuno amene anamuonetsa njira sindinawaonepo m'buku lathu la History. Chonsecho iwo ankavuula kale matemba m'nyanjayi iye asanabadwe. Ndiye tikaweruka lero, tiyeni tikafunse agogo zimene anamva kwa makolo awo, ngakhale za zaka zimene nyanja inaphwa ngati 1995. Tilembe, tidzamate pa bolodi pompano. Tikapanda kutero, adzalemba ndani?