Joseph-Armand Bombardier

Joseph-Armand Bombardier (16 Epulo 1907 – 18 Febuluwale 1964) anali makaniko wa ku Canada amene anapanga magalimoto oyenda pa chipale chofewa, kuphatikizapo kagalimoto ka Ski-Doo, kamene m'Chingelezi kamatchedwa snowmobile. Sanali woyamba kuyesa ntchitoyi, koma ndiye anapeza njira yodalirika yoti galimoto iziyenda pamwamba pa chipale osatitimira. Kampani imene anayambitsa inadzakula mpaka kuyamba kupanga sitima zapamtunda ndi ndege.

Ubwana wake

Anabadwira m'mudzi wa Valcourt, m'chigawo cha Quebec, kumene anthu amalankhula Chifalansa. Anali woyamba kubadwa mwa ana asanu ndi atatu a Alfred Bombardier ndi Rose-Anna Gagné. Makolo ake ankafuna kuti adzakhale wansembe, choncho anamutumiza ku seminale ya ku Sherbrooke, koma mtima wake unali pa zitsulo. Kumapeto kwa 1922, ali ndi zaka 15, anatenga injini ya Ford Model T n'kuiika pa matabwa otsetsereka, kumbuyo kwake n'kumangirira chopalasa mphepo chonga cha ndege. Chinthucho chinayenda ndithu, mng'ono wake Léopold akuchiwongolera, koma bambo awo anawalamula kuti achiphwasule poopa kuti chingadule munthu.

Ali ndi zaka 17 anasiya seminale n'kukaphunzira umakaniko, mpaka anakafika ku Montreal komwe ankalowa sukulu yamadzulo. Mu 1926 anatsegula galaja yake ku Valcourt, ndipo mu 1929 anakwatira Yvonne Labrecque. Banjali linabereka ana asanu ndi mmodzi.

Imfa ya Yvon ndi lamba wa labala

Masiku amenewo misewu ya m'midzi ya ku Quebec inkatsekeka ndi chipale m'nyengo yonse yozizira, ndipo anthu ankadalira mahatchi. Mu Januwale 1934 mwana wake Yvon, wazaka ziwiri, anadwala matenda a m'mimba ofunika opaleshoni. Chipatala chinali ku Sherbrooke, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, koma njira inali yosapitika ndipo mwanayo anamwalira. Bombardier anali atatha kale zaka zingapo akuyesa magalimoto a pa chipale, ndipo maliro aja atatha analimbikira kwambiri.

Amene sanaonepo chipale angathe kulimvetsa vutoli akaganizira galimoto yomwe yatitimira mumchenga wa ku Senga Bay. Dalaivala akaponda moto kwambiri, matayala amangokumba dzenje. Chopulumutsa si mphamvu ya injini ayi, koma kuti kulemera kwa galimotoyo kugawanike pamalo aakulu. Anthu ambiri amene anayesa m'mbuyomo ankangotenga galimoto wamba n'kuiveka matcheni kapena malamba achitsulo. Zoterezi zinkalemera, chipale chinkamatirira m'kati mwake, ndipo lamba ankaduka kapena kuvuka.

Mu 1935 Bombardier anapanga giya la mano lokutidwa ndi labala, longa lija limakoka tcheni cha njinga, loti lizikoka lamba wopangidwa ndi mizere iwiri ya labala yolumikizidwa ndi tizitsulo topingasa. Labala ankachepetsa kugunda kwa zitsulo, ndipo mipata ya pakati pa tizitsuloto inkatulutsa chipale. M'kati mwa lambayo munali mawilo onyamula thupi la galimoto, otha kukwera ndi kutsika potsata mabampu, kuti lamba asasiyane ndi pansi. Injini anaiika kumbuyo kuti kulemera kwake kupondereze lamba, kutsogolo n'kusiyako matabwa awiri otsetsereka owongolera. Boma la Canada linamupatsa chiphaso chotsimikiza kuti lusoli ndi lake pa 29 Juni 1937. Pa zonse zimene anapanga, ichi ndicho chachikulu, ngakhale kuti anthu amakumbukira kwambiri Ski-Doo.

Kampani yake

Galimoto yoyamba kugulitsidwa inali B7, yonyamula anthu asanu ndi awiri, ndipo ogula ambiri anali madokotala, ansembe ndi oyendetsa matakisi. Kenako kunabwera B12 ya anthu 12 ndi C18 imene inkanyamula ana asukulu. Mu 1942 anakhazikitsa kampani ya L'Auto-Neige Bombardier Limitée, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anapanga magalimoto a asilikali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 boma la Quebec linayamba kuchotsa chipale m'misewu ya m'midzi, malonda ake n'kutsika kwambiri. Iye anatembenukira ku makampani odula mitengo ndi ofufuza mafuta, ndipo mu 1953 anatulutsa thirakitala ya Muskeg yoyenda m'madambo ndi m'matope.

Ski-Doo

Kuyambira kale ankalakalaka kagalimoto ka munthu mmodzi kapena awiri kolowa m'malo mwa agalu okoka katundu kumpoto kwa Canada. Chomulepheretsa chinali injini, poti zimene zinalipo zinali zolemera. M'zaka za m'ma 1950 injini zing'onozing'ono zinayamba kupezeka, ndipo mwana wake Germain anathandiza kupanga lamba mmodzi wamkulu wa labala wopanda polumikiza. Mu 1959 Bombardier anapereka kamodzi mwa timagalimoto toyamba kwa wansembe Maurice Ouimet wa ku Lansdowne House, kumpoto kwa Ontario. Nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ndi yoti dzina linayenera kukhala Ski-Dog, koma osindikiza analakwitsa chilembo chimodzi.

Kagalimotoka kanali ndi timawilo ta masipuling'i m'kati mwa lamba, ndi masipuling'i ena pa matabwa akutsogolo. Mpaka lero okonza ma snowmobile amalimbana ndi nkhani yomweyi. Kulemera kukachuluka kutsogolo, chiwongolero chimauma ndipo lamba amaterereka. Kukachuluka kumbuyo, matabwa amanyamuka ndipo kagalimoto kamakana kukhota. Mu 1966 kampani ina, Arctic Cat, inabweretsa njanji zotsetsereka m'malo mwa timawilo, ndipo njira imeneyo ndi imene inadzafala.

Kuyambira mu 1962 Ski-Doo inayamba kugwiritsa ntchito injini za Rotax za ku Austria, za mtundu wa two-stroke. Injini zotere n'zopepuka, koma zimafuna petulo wosakaniza ndi oyilo, monga mmene asodzi a ku Salima amachitira ndi injini za maboti awo. Oyilo akachepa injini imatentha n'kugwira, akachuluka imafuka utsi ndipo pulagi imada. Kumalo ozizira kwambiri mpweya umakhala wothithikana, motero injini imafuna petulo wochulukirapo kuti isapse.

Imfa yake

Bombardier anamwalira ndi khansa ku Sherbrooke ali ndi zaka 56. Mu 1966 mkamwini wake Laurent Beaudoin anayamba kutsogolera kampaniyo, ndipo mu 1970 inagula Rotax. Mu 2001 inagulanso mayina a injini za maboti za Evinrude ndi Johnson. Gawo lopanga Ski-Doo linapatulidwa mu 2003 n'kukhala kampani ya BRP, imene likulu lake likadali ku Valcourt. Kumeneko kulinso nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa dzina lake, yomwe inatsegulidwa mu 1971.