Honus Wagner ndi kakhadi ka m'paketi ya ndudu

Anzanga amene mumadula zithunzi za osewera mpira m'nyuzipepala n'kumata pachikuto cha kope, musamachite manyazi. Ku America anthu akhala akutolera timakhadi ta osewera baseball kwa zaka zoposa 100. Baseball ndi masewero omenya kampira ndi chibonga kenako n'kuliyatsa liwiro. Kamodzi mwa timakhadi todula kwambiri kali ndi nkhope ya Honus Wagner.

Wagner anabadwa mu 1874 pafupi ndi mzinda wa Pittsburgh, kwa makolo ochokera ku Germany. Ali ndi zaka 12 anasiya sukulu n'kukalowa mumgodi wa malasha kukathandiza bambo ake ndi azichimwene ake. Kwa ife a kuno ku Makwasa izi si zachilendo ayi. Tonse tikumudziwa winawake amene anasiya kope n'kubereka dengu la tiyi.

Pomuona sankaoneka ngati wamasewero. Anali wamatewe, wojintcha, manja ngati mafosholo. Koma kuthamanga kwake, eee! Analowa ligi yaikulu mu 1897 ku Louisville, ndipo kuyambira 1900 mpaka 1917 anasewerera Pittsburgh Pirates. Anakhala katswiri womenya mpira wa ligi yawo ka 8, ndipo mu 1909 timu yake inatenga chikho cha World Series.

Chaka chomwecho kampani ya American Tobacco inayamba kuika timakhadi ta osewera m'mapaketi a ndudu kuti malonda ayende. Wagner anakana kuti nkhope yake ikhalemo, moti kakhadi kake anasiya kukasindikiza tochepa chabe titatuluka. Chifukwa chake anthu amatsutsana mpaka pano. Ena amati sankafuna kuti ana azigula ndudu pofuna chithunzi chake, ena amati nkhani inali ya ndalama basi. Mkuluyu naye ankatafuna fodya, ndiye sindikumusandutsa mngelo. Komabe ine ndimakhulupirira zoyambazo. Munthu akhoza kumagwiritsa ntchito fodya koma osafuna kuti mwana wa sitandade 5 ayambe kusuta chifukwa cha iye.

Kukana kuja ndi kumene kunachititsa kakhadiko kusowa. Todziwika lero sitikwana 100. Mu 2021 kamodzi kanagulidwa madola 6.6 miliyoni, mu 2022 kena madola 7.25 miliyoni. Kapepala kongokwana pachikhatho!

Mwini nkhope ndalama zoterezi sanazione. Atasiya kusewera, bizinesi yake yogulitsa zipangizo zamasewero sinayende bwino, ndipo mu 1933 Pirates inamutenganso ngati kochi. Mu 1936 anali mmodzi mwa osewera asanu oyambirira kulowa mu Hall of Fame, nyumba yokumbukira akatswiri a baseball, limodzi ndi Babe Ruth. Anamwalira pa 6 December 1955 ku Carnegie, dera lomwelo limene anabadwira, ali ndi zaka 81.