HERMANN ROESLER, MLANGIZI WA BOMA LA JAPAN PA MALAMULO A MALONDA

M'chaka cha 1878 mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Rostock, kumpoto kwa Germany, analowa mu Eklezia Katolika. Anali wa zaka 43, mabuku ache anali kuwerengedwa, ndipo mpando wache wa uphunzitsi anali ataukhala zaka zoposa 15. Koma dziko la Mecklenburg, mwini wache wa sukuluyo, linali la Chilutera, ndipo silinali kulola kuti Mkatolika aphunzitse pa mpando wotere. Munthu wodziwa malamulo monga iye sakadalephera kuona kumene chinthucho chidzamfikitsa. Ntchito inamthera, ndipo chaka chisanathe anali m'chombo kunka ku Japan. Dzina lache ndiye Hermann Roesler.

Anabadwa pa 18 December 1834 m'kamzinda ka Lauf an der Pegnitz, pafupi ndi Nuremberg, m'dziko la Bavaria. Anaphunzira malamulo ndi za chuma cha maiko ku Erlangen, ku Munich ndi ku Tübingen, nakhala mphunzitsi ku Rostock asanakwanitse zaka 30. Masiku amenewo anzache ambiri anali kutsata chiphunzitso cha Adam Smith, chakuti msika ukasiyidwa wokha udzikonza wokha. Roesler anakana, ndipo m'chaka cha 1868 anatulutsa buku lotsutsa maziko a chiphunzitsocho. Kwa iye kugula ndi kugulitsa, kulemba munthu ntchito ndi kumlipira, ndizo mapangano a pakati pa anthu, ndipo mapangano sakhala opanda lamulo ndi chilungamo. Thukuta la wantchito silili ngati thumba la mchere loti mtengo wache ukwere ndi kutsika monga msika ufunira. Amene anawerengapo kalata ya Papa Leo XIII ya m'chaka cha 1891 yonena za antchito adzazindikira kuti maganizo awa sali achilendo. M'chaka cha 1877 analembanso zodzudzula malamulo akulu a ufumu watsopano wa Germany umene Bismarck anamanga. Inali nyengo imene Bismarck yemweyo anali kulimbana ndi Eklezia: Ayezuiti anapitikitsidwa m'chaka cha 1872, ndipo maepiskopi ena anaponyedwa m'ndende. Kulowa Chikatolika pa nthawi yotere kunali kusankha mbali yozunzika.

Tsono tione chimene Japan inali kufuna kwa munthu wotere. M'chaka cha 1858 dziko limeneli linachita mapangano ndi America, Britain, France, Russia ndi Netherlands, mapangano amene anali olemera mbali imodzi. Mzungu akalakwira munthu wa ku Japan, mlandu sunali kupita ku bwalo la Japan iai, koma kwa kazembe wa kwao kwa mzunguyo. Ngakhale msonkho wa katundu wolowa m'dziko eni ache sanali kuuika okha. Boma latsopano la Mfumu Meiji, limene linayamba m'chaka cha 1868, linamva manyazi akulu ndi zimenezi, koma likapempha kuti mapanganowo akonzedwe, yankho linali limodzi-modzi: yambani mwalemba malamulo amene amalonda athu angawadziwe ndi kuwakhulupirira. Chifukwa chache boma linayamba kulemba ntchito akatswiri a kunja. Gustave Boissonade wa ku France anafika m'chaka cha 1873, ndipo Roesler anampeza ndiye Aoki Shūzō, kazembe wa Japan ku Berlin. Poyamba anali mlangizi wa nthambi ya boma yoona za maiko akunja, pambuyo pache nakwera kukhala mlangizi wa akulu eni-eni olamulira dziko.

M'chaka cha 1881 anampatsa ntchito imene dzina lache likumbukirika nayo, ya kulemba buku lonse la malamulo a malonda. Anaitsiriza m'chaka cha 1884: ndime 1,133, zolembedwa m'Chijeremani, pamodzi ndi mafotokozedwe ache odzaza mabuku atatu. Mwina wowerenga adzafunsa kuti malonda afuniranji ndime zochuluka chotere, popeza anthu agulitsana zinthu chiyambire kale-kale popanda buku. Pa msika wa kwanu mudziwana nkhope, ndipo wokana ngongole mudziwa pakhomo pache. Koma munthu wa ku Yokohama akatumiza silika kwa munthu wa ku London amene sadzamuona konse, chimene chiwagwirizanitsa ndicho pepala, ndipo pepalalo likhala ndi mphamvu pokha-pokha ngati bwalo la milandu lidziwa tanthauzo lache. Kotero Roesler analongosola kuti wamalonda ndani, ndi mabuku otani amene ayenera kusunga; za kalata yolonjeza kulipira ndalama tsiku lakuti, imene ingapite m'manja ambiri isanafike kwa wolipira; za zombo ndi katundu wotayika pa nyanja; za inshuwalansi; ndi za wamalonda amene wagwa, kuti chuma chotsalacho chigawidwe mwachilungamo kwa onse amene anamkongoza, asatenge zonse amene wafika poyamba kapena amene ali ndi mkono wautali.

Gawo lofunika koposa linali la makampani. Anthu ambiri asonkha ndalama, yense nalandira magawo monga mwa chimene waponya. Kampani ikagwa, yense ataya chimene anaponyacho basi, nyumba yache ndi munda wache zikhala. Popanda chitetezo chimenechi palibe angaike ndalama zache pa njanji kapena pa fakitale ya thonje yoyendetsedwa ndi anthu osawadziwa. Koma chitetezo chomwechi chingasanduke phanga la akuba, ngati oyendetsa kampani saumirizidwa kuilembetsa ku boma, kuonetsa mabuku ao ndi kuyankha kwa eni magawo. Apa mphunzitsi wa ku Rostock uja, wokana kuti msika udzikonza wokha, anapeza pogwiritsa ntchito chikhulupiriro chache.

Sanangokopera malamulo a kwao. Anayerekeza a ku France, a ku Germany, a ku England ndi a maiko ena, natola chimene anachiyesa chabwino. Koma pali cholakwa chimene sitingambisire. Amalonda a ku Japan sanali ana. Ku Osaka msika wa mpunga wa Dōjima unavomerezedwa ndi boma m'chaka cha 1730, ndipo amalonda a kumeneko anali ndi makalata ao a ngongole ndi miyambo yao yosungana. Roesler anapatsa miyambo imeneyi malo ochepa. Maso ache anali pa kazembe wa ku Europe amene adzawerenge bukulo, koposa pa mwini sitolo amene adzalitsate. Tinganene kuti ndizo anamuitanira. Komabe mlendo wokonzera anzache malamulo akaiwala kufunsa eni mudzi, bukulo lidzavuta kulowa m'nyumba zao.

Pa zaka zomwezo anathandizanso Itō Hirobumi ndi Inoue Kowashi kukonza malamulo akulu oyendetsera dziko. Inoue anali kumtumizira mafunso, iye nayankha polemba, ndipo m'chaka cha 1887 anapereka chitsanzo chache cha malamulo onsewo. Analengezedwa pa 11 February 1889. Ndime ya 28 inapatsa anthu ufulu wa chipembedzo, ngakhale unali ndi malire, m'dziko limene zikwangwani zoletsa Chikhristu zinachotsedwa m'chaka cha 1873 chabe. Koma malamulo omwewo anaika mphamvu zambiri, ndi ulamuliro wa asilikali womwe, m'manja mwa Mfumu, kutali ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo m'zaka za m'ma 1930 akulu a nkhondo analowera pa khomo limenelo. Sitingasenzetse munthu mmodzi mlandu wonsewo, koma dzanja lache linalipo. Malamulowo analowedwa m'malo ndi ena m'chaka cha 1947.

Buku la malonda lija, atalimasulira ndi kulikonza mpaka ndime 1,064, boma linalilengeza m'chaka cha 1890 kuti liyambe kugwira ntchito pa 1 January 1891. Pomwepo mkangano unabuka. Amalonda a ku Tokyo anapempha kuti liyambe laima, poti mau ache anali achilendo ndipo nthawi yokonzekera inali yochepa. A ku Osaka anafuna kuti liyambe msanga. Akatswiri ophunzira malamulo a ku England anatsutsana ndi ophunzira a ku France, ndipo ena anaonetsa kuti buku la Mjeremani silinali kugwirizana bwino ndi la Boissonade lonena za chuma, mapangano ndi mabanja. Nyumba ya Malamulo, pa msonkhano wache woyamba weni-weni, inalikankhira m'tsogolo, nichitanso chomwecho m'chaka cha 1892. Koma makampani anali atamera ngati bowa, ndipo m'chaka cha 1890 chuma chinagwedezeka, ambiri nataya ndalama. Chifukwa chache magawo atatu, la makampani, la makalata a ndalama ndi la amalonda ogwa, sanathe kudikira: anayamba kugwira ntchito pa 1 July 1893.

Chaka chomwecho Roesler anachoka ku Japan, thupi litafooka. Sanabwerere ku Germany kukakhala. Anakhazikika ku Bozen, m'mapiri a Tyrol, mzinda umene nthawi imeneyo unali wa Austria ndipo lero uli mu Italy ndi dzina la Bolzano. Kumeneko anamwalira pa 2 December 1894, atatsala masiku 16 kuti akwanitse zaka 60. Miyezi isanu m'mbuyo mwache Britain inali itavomera pangano latsopano lothetsa mabwalo a akazembe, limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1899. M'chaka chomwecho cha 1899 Japan inalandira buku lina la malamulo a malonda, lolembedwa ndi ana a dzikolo, Ume Kenjirō ndi anzache, ndipo la Roesler linapuma, kupatula gawo la amalonda ogwa, limene linakhalabe kufikira lamulo latsopano la m'chaka cha 1922. Kwao ku Germany dzina lache linaiwalika zaka zambiri, kufikira Bambo Johannes Siemes, wansembe wa Chiyezuiti wophunzitsa pa yunivesite ya Sophia ku Tokyo, anafufuza zolemba zache, natulutsa buku la mbiri ya ntchito yache m'chaka cha 1968.