James Paris Lee ndi Mfuti ya Thabwa

Mawu oyamba

Mawu akuti mtengo ali ndi matanthauzo awiri m'Chichewa: chomera chomwe timachekako matabwa, komanso ndalama zomwe timalipira pogula chinthu. Pa nkhani ya mfuti matanthauzo awiriwa amakumana. Mu nkhani ino ndifotokoza mbiri ya James Paris Lee, mmisiri yemwe dzina lake lili pa mfuti yotchedwa Lee-Enfield, imene akuluakulu ambiri amangoitchula kuti 303. Ndasankha munthu ameneyu chifukwa ngakhale sanapondepo m'dziko muno, mfuti yake inalemera pa mapewa a azigogo athu ochokera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo kwathu ku Mpamba m'boma la Nkhata Bay. Ndionetsanso ubwino ndi kuipa kwa thabwa lomwe linali pa mfutiyi polifanizira ndi pulasitiki yomwe inalowa m'malo mwake.

Ubwana wake

Lee anabadwa pa 9 Ogasiti 1831 ku Hawick m'dziko la Scotland. Akadali wamng'ono, makolo ake anasamukira ku Galt m'chigawo cha Ontario ku Canada. Bambo ake anali mmisiri wokonza mawotchi, ndipo mnyamatayu anakula akuona tizitsulo ting'onoting'ono tikulumikizana ndi kuyendetsana. Ali ndi zaka 12 anapanga mfuti yake yoyamba. Anatola mpope wa mfuti yakale, nasema yekha thabwa la mtengo wa walnut, n'kulumikiza ziwirizi. Mfutiyo sinagwire bwino ntchito, koma chidwi chinamulowa mpaka kalekale.

Mu 1858 iye ndi mkazi wake Caroline anasamukira ku Wisconsin m'dziko la America. Nthawi imeneyo mfuti zambiri zinali ngati gogodela: wonga ndi chipolopolo ankazilowetsera kukamwa kwa mpope n'kutsinira ndi kandodo. Lee anapeza njira yolowetsera chipolopolo chakumbuyo. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, yomwe inayamba mu 1861, boma linamupatsa ntchito yopanga mfuti 1,000. Koma mfutizo zinakanidwa chifukwa kukula kwa bowo la mpope sikunagwirizane ndi zomwe asilikali ankafuna. Munthu wina akanabwerera ku mawotchi. Iye sanatero, poti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Luso lomwe linamutchukitsa

Mu 1879 Lee analembetsa ku boma luso lomwe linasintha kapangidwe ka mfuti: kabokosi ka zipolopolo komwe kamalowa pansi pa mfuti ndipo kamatha kuchotsedwa. Zipolopolo zimasanjikizana m'kati, ndipo sipuling'i imazikankhira m'mwamba chimodzichimodzi. Mfuti zina za masiku amenewo zinkasunga zipolopolo mondondozana m'kampope kena, moti kuzidzaza kunkatenga nthawi. Kampani ya Remington inapanga mfuti za mtundu wa Lee n'kugulitsa kwa asilikali a pamadzi a America ndi ku China.

Mu 1888 dziko la Britain linasankha luso la Lee ndi kuliphatikiza ndi mpope wa William Metford, n'kutuluka mfuti ya Lee-Metford. Wonga watsopano utayamba kudya msanga mizere ya m'kati mwa mpopewo, fakitale ya boma ya ku Enfield inasintha mizereyo, ndipo mu 1895 kunabadwa Lee-Enfield, yotenga zipolopolo 10. Lee anamwalira pa 24 Febuluwale 1904 ku Connecticut, asanaone nkhondo ziwiri zikuluzikulu zomwe mfuti yake inamenya. Mfuti za mtunduwu zinapangidwa pafupifupi 17 miliyoni.

Mfutiyi ndi anthu a kwathu

Atonga anali m'gulu la anthu oyamba kulembedwa usilikali ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1890, ndipo mu 1902 magulu a asilikali a kuno analowa mu King's African Rifles. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a ku Nyasaland ananyamula Lee-Enfield. Mu 1944 ena mwa iwo anamenya nkhondo ndi Ajapani m'chigwa cha Kabaw ku Burma, mvula ikugwa usana ndi usiku. Kumeneko ndiye thabwa la mfuti linayesedwa zenizeni.

Aliyense wokulira ku Mpamba amadziwa khalidwe la thabwa. Kwathu mvula imagwa yambiri, ndipo chitseko chomwe chimatsekeka bwinobwino m'chilimwe chimayamba kukana dzinja likafika. Thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, likauma n'kunyala. Pa mfuti, kufufuma kumeneku kumakankha mpope pang'ono chabe, koma pang'ono pameneponso ndi pokwanira kuti chipolopolo chiphonye. N'chifukwa chake matabwa a mfuti ankawapaka mafuta a linseed kuti madzi asalowe.

Thabwa kapena pulasitiki?

Mtengo wa walnut unkakondedwa chifukwa ndi wolimba, sung'aluka msanga, sulemera kwambiri ndiponso umasemeka bwino. Vuto lake ndi lakuti umakula pang'onopang'ono, ndipo thabwa lake limafunika kuuma nthawi yaitali lisanasemedwe. Likasemedwa, mmisiri amayenera kuliyenereza ndi chitsulo cha mfuti iliyonse. Zonsezi ndi ndalama. Amisiri a ku Britain anachepetsako vutoli pogawa thabwa la mfutiyi pawiri: thako lomwe limatsamira paphewa, ndi thabwa lam'tsogolo lomwe limagwira mpope. Motero ankatha kugwiritsa ntchito matabwa aafupi, ndipo msilikali wamfupi kapena wamtali ankapatsidwa thako lomuyenera.

Komabe pa nthawi ya nkhondo walnut inaperewera. Mafakitale anatembenukira ku mitengo ya beech ndi birch, pomwe ku Australia anagwiritsa ntchito mtengo wa kwawo wotchedwa coachwood, umene unkang'aluka msanga kotero kuti ankaulimbitsa ndi tizitsulo. Apa tikuona kuti mfuti zikafunika zambiri mwamsanga, nkhalango siikwanitsa.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, asilikali a Britain anasiya Lee-Enfield n'kutenga mfuti ya L1A1. Poyamba nayonso inali ya thabwa, koma kenaka anaiveka pulasitiki yakuda yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi. Ku America mfuti ya M16, yochokera ku luso la Eugene Stoner, inabwera m'zaka za m'ma 1960 ilibiretu thabwa. Ngakhale mfuti za Kalashnikov, zomwe chithunzi chake chili pa mbendera ya anzathu a ku Mozambique, zinayamba ndi thabwa, koma mtundu wa AK-74M wa mu 1991 uli ndi thako la pulasitiki.

Zifukwa zake n'zosavuta kumva. Pulasitiki siimwa madzi, siiola, ndipo chiswe sichiidya. Chikombole chake chimadula, koma chikapangidwa chimatulutsa matako ofanana ndendende zikwizikwi, popanda kudikira kuti thabwa liume. Choncho kwa boma logula mfuti zambiri pulasitiki ndi yotsika mtengo.

Koma thabwa silinagonje kotheratu. Likasweka, mmisiri wa matabwa wa pamudzi atha kulilumikiza kapena kusema lina, monga timachitira ndi mpini wa khasu. Pulasitiki ikasweka mumadikira china kuchokera ku fakitale. Asodzi a kunyanja amalidziwa bwino funso limeneli akamasankha pakati pa bwato la matabwa ndi boti la faiba. Chitsanzo china chikuchokera ku Canada komwe Lee anakulira. Gulu la Canadian Rangers, lomwe limalondera madera ozizira kwambiri a kumpoto, linagwiritsa ntchito Lee-Enfield kuyambira mu 1947 kwa zaka zoposa 70. Mfuti ya C19 yomwe inalowa m'malo mwake inapatsidwanso thabwa, koma la timatabwa topyapyala tomatiza ndi guluu kuti lisapindike. Kwa ine izi zikutanthauza kuti palibe chomwe chimaposa chinzake paliponse. Nyengo ya malo, ntchito ya mfutiyo ndi thumba la wogula ndi zomwe zimagamula.

Mawu omaliza

Lee ndimamulemekeza monga mmisiri. Anali mwana wa wokonza mawotchi yemwe analephera kangapo osataya mtima, ndipo kabokosi kake kakupezeka pa mfuti zambiri za asilikali mpaka lero. Ophunzira anzanga tingatolepo phunziro la khama pamenepa.

Koma sindingamalize osatchula mtengo wina womwe sulembedwa m'mabuku a fakitale. Pa 3 Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti zinthu zavuta m'dziko, asilikali anawombera khamu la anthu pa doko la Nkhata Bay pomwe ankafuna kuti abale awo omwe anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Bungwe lofufuza la Devlin linawerenga anthu 20 ophedwa, pomwe anthu a kwathu amatchula chiwerengero choposa pamenepo. Tsiku limeneli ndi lomwe timalikumbukira chaka ndi chaka monga tsiku la ofera dziko. Kwa mayi amene anataya mwana wake pa dokopo, funso lakuti thako la mfuti linali la thabwa kapena la chiyani linalibe tanthauzo. Amisiri ndi ogula atha kukangana za walnut ndi pulasitiki, ndipo mkanganowo uli ndi nzeru zake. Koma powerenga mbiri ya munthu ngati Lee, tisaiwale kuti mtengo waukulu wa mfuti amalipira ndi munthu amene waima kutsogolo kwa mpope.