Bertha Benz: mayi yemwe adakonza galimoto ndi phini wa chipewa

Galimoto ya Benz ikadutsa pamsika, anthu amacheuka n'kumafunsana kuti mwafika bwana wanji. Koma ndi ochepa omwe amadziwa kuti dzinali lidatchuka kaamba ka mayi wina wapakhomo yemwe tsiku lina adalawirira m'bandakucha, kusiya kalata pathebulo la kukhitchini, n'kutenga galimoto ya mwamuna wake osatsanzika.

Mayiyu ndi Bertha Ringer, yemwe adabadwa pa 3 May 1849 mumzinda wa Pforzheim, m'dziko la Germany. Kwawo kudali kopeza bwino chifukwa bambo ake adali mmisiri wa matabwa wodziwika. Ali namwali adagwa m'chikondi ndi Carl Benz, mnyamata wanzeru pa za makina koma wopanda kanthu m'thumba.

Carl adatsegula malo osulira zitsulo mumzinda wa Mannheim pamodzi ndi mnzake August Ritter, koma awiriwa sadagwirizane ndipo bizinesi idayamba kulowa pansi. Ukwati usadachitike, Bertha adapempha makolo ake kuti ampatsiretu chuma chomwe adamusungira cholowa nacho m'banja. Ndalamazo adagulira gawo la Ritter, bizinesi n'kupulumuka. Adakwatirana pa 20 July 1872 ndipo adabereka ana asanu: Eugen, Richard, Clara, Thilde ndi Ellen.

Zaka zoyamba za banjali zidali za mavuto. Ngongole zidachuluka mpaka nthawi ina zipangizo za Carl zidalandidwa. Ntchito ya Bertha idali ya mayi wina aliyense: kuphika, kuchapa, kusoka zigamba, kulera ana ndi kuwerengetsera kandalama kochepa kuti kafike kumapeto a mwezi. Akamaliza zimenezi ankapita kumalo a ntchito a mwamuna wake, komwe adaphunzira momwe injini imagwirira ntchito.

Pa 29 January 1886, Carl adalembetsa kuboma ngolo yoyenda ndi injini ya petulo, yomwe ambiri amaitenga ngati galimoto yoyamba padziko lapansi. Idali ya mateyala atatu osapopa, yopanda denga, ndipo m'malo mwa chiwongolero chozungulira idali ndi kandodo kokhotetsera. Vuto lidali lakuti ogula sankabwera. Anthu ankaiona ngati choseweretsa chaphokoso choopseza akavalo, ndipo Carl, munthu wosamala kwambiri, ankangoiyesa m'misewu yapafupi n'kuibweza kukaikonzanso.

Bertha adaona kuti chuma chake ndi tsogolo la ana ake zathera m'chinthu chongokhala m'shedi. Kumayambiriro a mwezi wa August 1888, sukulu zili patchuthi, adapangana ndi ana ake aamuna, Eugen wa zaka 15 ndi Richard wa zaka 13. M'mawa Carl akadali m'tulo, atatuwa adakankha galimoto mwakachetechete mpaka patali ndi nyumba, kenaka n'kuiliza. Kalata yomwe adasiya idangonena kuti apita kukaona agogo ku Pforzheim. Carl adazindikira kuti sadakwere sitima ataona kuti galimoto palibe.

Ulendowo udali wa makilomita pafupifupi 106, m'misewu ya ngolo za akavalo. Padalibe yemwe adayendapo mtunda wotere pa galimoto, ndipo malo omwetsera mafuta kudalibe. Apa ndi pomwe nzeru za pakhomo zidagwira ntchito.

Mafuta atatsala pang'ono kutha, adaima m'tauni ya Wiesloch n'kulowa m'sitolo ya mankhwala. Adagula ligroin, mafuta omwe amayi ankachotsera madontho pa zovala, n'kuthira mu injini. Mpaka lero sitoloyi imatchedwa malo oyamba omwetsera galimoto padziko lapansi.

Patsogolo, kapaipi kodutsa mafuta kadatsekeka. Bertha adazula phini wautali womwe amayi a nthawiyo ankagwiritsira chipewa kutsitsi, n'kutokosa m'kapaipimo mpaka mafuta adayambanso kuyenda. Waya wa moto utaperepeseka, adavula kalamba komangira sokosi yake n'kukulungira wayayo. Tcheni chitavuta, adapeza mmisiri wosula zitsulo kuti awathandize.

Injini inkazizira ndi madzi omwe ankauma msanga, choncho ankaima pazitsime ndi m'mitsinje kutunga madzi. Pamtunda galimoto inkafooka, ndipo ankatsika n'kumakankha. Mabuleki adali a matabwa ndipo adatha msanga, motero Bertha adapempha wosoka nsapato kuti akhomerepo zikopa. Nzeru yomata chinthu china pamabuleki kuti azigwira bwino idakalipo m'galimoto za masiku ano.

Adafika ku Pforzheim kutada, ali fumbi lokhalokha, ndipo Bertha adatumiza telegalamu kwa mwamuna wake kumuuza kuti afika bwino. Patatha masiku angapo adabwerera ku Mannheim pa galimoto yomweyo, podzera njira ina yopanda mapiri ambiri.

Mutu umodzi susenza denga. Atafika, mayi ndi ana adamufotokozera Carl zonse zomwe zidawavuta panjira, ndipo iye adamvera. Adawonjezera giya yokwerera mitunda ndi kukonza mabuleki. Mbiri ya ulendowu idawanda, ndipo anthu adayamba kukhulupirira kuti ngolo yopanda kavalo ingathe kunyamula banja kukaona achibale n'kubwerako. Pofika 1899 kampani ya Benz idapanga galimoto 572 m'chaka chimodzi, ndipo idali yaikulu kuposa ina iliyonse yopanga galimoto. M'chaka cha 1926 idaphatikizana ndi kampani ya Daimler, ndipo galimoto zawo zidayamba kutchedwa Mercedes-Benz.

Banjali lidakakhazikika m'tauni ya Ladenburg, komwe Carl adamwalira pa 4 April 1929. Bertha adakhala wamasiye zaka 15. Pa tsiku lomwe adakwanitsa zaka 95, sukulu ya ukachenjede ya Karlsruhe, komwe mwamuna wake adaphunzira, idampatsa ulemu wapadera. Adamwalira patangotha masiku awiri, pa 5 May 1944.

Pa chikalata cholembetsera galimoto yoyamba ija padalembedwa dzina la Carl lokha, ngakhale ndalama zoyambira zidali za mkazi wake. Ulemu wambiri udabwera mochedwa. Mu 2008 njira yomwe adayenda, ya makilomita 194 kupita ndi kubwera, idatchedwa Bertha Benz Memorial Route, ndipo eni galimoto zakale amakonda kuitsata pomukumbukira. Mu 2016 dzina lake lidalowa m'gulu la akatswiri olemekezeka pa za galimoto la Automotive Hall of Fame, ku America.

Choncho abambo omwe mumakaniza mayi a kunyumba kukhudza makiyi, mukadzaonanso Benz ikudutsa, mudzakumbukire kuti woyamba kuyenda nayo ulendo wautali adali mayi wopita kukaona amake, ndipo sipanala yake idali phini wa chipewa.