Archimedes: mwini wa sikuluwu yomwe lero ikutulutsa magetsi

Papita zaka zoposa 2,200 chimwalirire Archimedes, koma chipangizo chodziwika ndi dzina lake chikadali pantchito, ndipo tsopano chikuyatsa magetsi.

Mkuluyu adabadwa cha m'ma 287 BC mumzinda wa Syracuse pachilumba cha Sicily. Bambo ake, a Phidias, adali katswiri wa zakuthambo, ndipo mwanayo adakula akukonda masamu.

Malinga ndi wolemba mbiri wakale Diodorus, Archimedes adakonza chipangizochi ali ku Egypt, komwe alimi ankavutika kukweza madzi a mumtsinje wa Nile kupita nawo kuminda.

Chipangizocho chidali mtengo wautali wokhala ndi mazinga ngati a sikuluwu, woikidwa m'kati mwa mpope. Ankachipendeketsa, mbali imodzi n'kumira m'madzi. Munthu akamachizungulitsa, madzi ankakodwa pakati pa mazingawo n'kumakwera mpaka kukakhuthukira kumtunda. Agiriki adachitcha dzina lotanthauza nkhono poona kupotana kwake. Pambuyo pake Aroma ankapopera nacho madzi m'migodi ya ku Spain.

Chodabwitsa n'chakuti mwini wakeyo sankanyadira makina. Wolemba mbiri wina, Plutarch, adalemba kuti mtima wake udali pa masamu basi. Archimedes adapempha kuti pamanda ake adzajambulepo mpira uli m'kati mwa chinthu chonga mgolo, pokumbukira zomwe adatulukira zoti mpirawo umatenga magawo awiri mwa atatu a malo a mumgolomo.

Koma nkhondo idamukakamiza kugwira zomwe sankazikonda. Aroma, motsogozedwa ndi Marcellus, atazinga Syracuse, makina a Archimedes oponya miyala ndi okoka zombo adawasowetsa mtendere kwa zaka ziwiri.

Mzindawo udagwa mu 212 BC. Ngakhale Marcellus adalamula kuti katswiriyu asaphedwe, msilikali wina adamupha ali ndi zaka pafupifupi 75. Abale ake a ku Syracuse adamuiwala, moti Cicero atafika kumeneko mu 75 BC adapeza manda ake atamera tchire. Adawazindikira ndi chithunzi cha mpira ndi mgolo chija.

Kwa zaka mazanamazana sikuluwu ija inkangokweza madzi. Cha m'ma 1990 akatswiri a ku Ulaya adaiyesa mobwerera. M'malo moizungulitsa kuti ikweze madzi, adalola madzi kulowa kumtunda n'kumatsika pakati pa mazinga. Kulemera kwa madziwo kumazungulitsa sikuluwuyo, ndipo iyo imayendetsa jenereta.

Ubwino wake ndi woti sifuna damu lalikulu kapena mathithi aatali. Madzi ongotsika mita imodzi kufikira mamita 10 ndi okwanira. Imazungulira pang'onopang'ono, choncho nsomba zambiri zimadutsa osavulala, komanso masamba ndi timitengo siziitseka msanga. Kuchedwa komweku n'komwe kumachititsa kuti pakhale magiya oonjezera liwiro pakati pa sikuluwu ndi jenereta.

Popanga makinawa, akatswiri amawerengera kapendekedwe kake, chiwerengero cha mazinga, omwe nthawi zambiri amakhala atatu kapena anayi, ndi mpata wa pakati pa mazinga ndi ngalande yomwe sikuluwuyo imagonamo. Mpatawo ukakula, madzi amadutsa m'mbali osagwira ntchito. Ukachepa kwambiri, mazinga amakhula ngalande.

Mu 2008 anthu a m'tauni ya New Mills ku England adasonkherana n'kuika sikuluwu yotere mumtsinje wa Goyt, ndipo adaipatsa dzina loti Archie pokumbukira mkuluyu. Mu 2011 zina ziwiri zidaikidwa mumtsinje wa Thames kuti zizipereka magetsi kunyumba yachifumu ya Windsor Castle.

Pamanda pake Archimedes sadafune chithunzi cha makina aliwonse. Koma masamu omwe ankawakondawo ndi omwe lero akuthandiza akatswiri kupeza muyeso woyenera wa sikuluwu yake.