CHAUNCY MAPLES: BISHOPU WA MASIKU 65

Ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa magalimoto akale a injini zamphamvu, monga Ford Mustang ndi Pontiac GTO, amene anayamba kutuluka m'chaka cha 1964. Iwo amagula chiphapha chodyeka ndi dzimbiri, nasakasaka zitsulo zake chimodzichimodzi kufikira galimotoyo itabwerera mwakale, popeza amaona kuti m'chitsulocho muli mbiri ya dziko lawo. Boma la Mangochi nalo lili ndi chitsulo chotere, koma chakale koposa. Padoko la Monkey Bay kwa zaka zambiri pakhala pali sitima ya Chauncy Maples, imene inalowa m'madzi m'chaka cha 1901, ndipo imatchuka kuti ndiyo sitima yakale kuposa zonse mu Africa muno. Ambiri amalidziwa dzinali ngati la sitima chabe. Koma dzinali linali la munthu, ndipo ulendo wake wotsiriza unayambira ku Mangochi komweko.

Chauncy Maples anabadwa pa 17 February, 1852, kufupi ndi mzinda wa London ku Mangalande. Atate wake anali loya, ndipo dzina loti Chauncy linachokera kubanja la amayi wake. Anaphunzira pasukulu ya Charterhouse, kenaka anapita ku University College, Oxford. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi mnyamata wina dzina lake William Percival Johnson. Awiriwa anali osiyana ngati usana ndi usiku. Maples anali wansangala, wokonda nyimbo ndi macheza, pamene Johnson anali wosalankhulalankhula ndiponso wouma mtima pa thupi lake lomwe. Komabe ubwenzi wawo sunasukuluke mpaka imfa inawalekanitsa.

Pa nthawiyo bungwe la Universities' Mission to Central Africa, kapena kuti UMCA, linali kufuna antchito. Bungweli linabadwa chifukwa cha mawu amene David Livingstone analankhula ku Cambridge m'chaka cha 1857. Amishoni ake oyamba anamanga ku Magomero m'chaka cha 1861, koma nkhondo, njala ndi malungo zinawagonjetsa. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira m'chaka cha 1862, ndipo patapita zaka ziwiri mishoni inasamukira kuchilumba cha Zanzibar. Bishopu Edward Steere ataitana anyamata ophunzira kuti adzathandize kubwezera mishoniyo kunyanja ya Nyasa, Maples anavomera, nafika ku Zanzibar m'chaka cha 1876. Johnson anamtsatira m'chaka chomwecho.

Ntchito yaikulu yoyamba ya Maples inali ku Masasi, kumwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko Steere anali atakhazikitsa mudzi wa anthu oomboledwa ku ukapolo, ndipo Maples anapatsidwa udindo wouyang'anira ali ndi zaka za m'ma 25 zokha. Udindowu unali wolemera, chifukwa munthu mmodzi yemweyo anayenera kukhala wansembe, mphunzitsi, nyakwawa ndiponso woweruza milandu pakati pa anthu a mitundu yosiyanasiyana amene anazulidwa kwawo. Iye anaika mtima pa kuphunzira zilankhulo. M'chaka cha 1879 anatulutsa kabuku kothandiza kuphunzira Chimakua, ndipo anagwiranso ntchito yomasulira Uthenga Wabwino wa Mateyo m'Chiyao. M'chaka cha 1881 anayenda pansi ulendo wa mamailosi pafupifupi 900 m'dziko la Amakua, kumpoto kwa Mozambique, kumene Azungu ochepa kwambiri anali atapondako.

Tsoka linagwa m'mwezi wa September, 1882, pamene Angoni otchedwa Magwangwara anathira nkhondo mudzi wa Masasi. Anthu ena anaphedwa, ena anagwidwa, ndipo amishoni anachita kuwaombola ndi nsalu ndi katundu wina. Pambuyo pake likulu la ntchitoyo linasamukira ku Newala, kwa Matola, mfumu ya Chiyao imene inali bwenzi la Maples. Zimene zinachitika ku Masasi zinaonetsa poyera kufooka kwa mudzi wa mishoni wodalira Mzungu pa chilichonse, ndipo mishoni inayamba kuika mtima pa kuphunzitsa anthu m'midzi mwawo, ali pansi pa mafumu awo.

Nthawi yonseyi Johnson anali atatsogola kale kunyanja. Iye anaona kuti m'mbali mwa nyanja mulibe misewu, koma nyanjayo payokha ndi msewu waukulu. Choncho anapempha sitima, ndipo m'chaka cha 1885 sitima yaing'ono ya Charles Janson inalowa m'madzi a Shire ku Matope. M'chaka chomwecho mishoni inakhazikika pachilumba cha Likoma, ndipo m'chaka cha 1886 Maples anafika kudzaitsogolera. Abwenzi awiri aja anagawana ntchito mokomera onse. Johnson ankakhala m'sitima, kuyendera midzi ya kugombe la kum'mawa ndi kusiyamo aphunzitsi, pamene Maples ankasunga likulu pachilumba.

Zaka zisanu ndi zinayi za Maples ku Likoma ndizo zinabala zipatso zoonekera. Malo amene mishoni inamangapo ankatchedwa Chipyela, chifukwa ndi pamene ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo Maples analimbana nawo mwambowu mopanda mantha. Anakulitsa sukulu za anyamata ndi za atsikana, naphunzitsa achinyamata ntchito yosindikiza mabuku. Makina osindikizira a ku Likoma anatulutsa mabuku a sukulu ndi a mapemphero m'Chinyanja cha kunyanja, ndipo m'chaka cha 1893 anayamba kutulutsa The Nyasa News, imodzi mwa nyuzipepala zoyambirira zenizeni m'dziko muno, Maples ali mkonzi wake. Mwa ana amene anaphunzira m'sukulu za mishoniyi pa zaka zimenezo munali Leonard Kamungu wa ku Chia, amene anadzakhala wansembe m'chaka cha 1909 nakamwalira akutumikira ku Msoro, kum'mawa kwa Zambia, m'chaka cha 1913.

Bishopu woyamba wa chigawo cha kunyanja, Wilfrid Hornby, anatula pansi udindo wake m'chaka cha 1894 chifukwa cha matenda. Maso a onse anagwa pa Maples, amene anali atakhala mu Africa zaka pafupifupi 20. Iye anadzozedwa kukhala Bishopu wa Likoma m'tchalitchi chachikulu cha St Paul's ku London pa 29 June, 1895, ndipo sanachedwe kunyamuka ulendo wobwerera. Anakwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, nadzera ku Blantyre, mpaka anafika ku Fort Johnston, linga limene Atsamunda anamanga m'chaka cha 1891 moyang'anana ndi mudzi wa Mfumu Mponda. Dzina limeneli ndilo linadzasinthidwa kukhala Mangochi dziko litalandira ufulu.

Ku Fort Johnston Bishopu anakwera boti lachitsulo loyendera matanga lotchedwa Sherriff, pamodzi ndi mmishoni mnzake Joseph Williams ndi amalinyero a ku Likoma. Anaima pang'ono ku Monkey Bay, kenaka anapitirira kulowera ku Nkhotakota. Msodzi aliyense wa ku Chembe kapena ku Msaka amadziwa kuti mwera sutha msanga, ndi kuti nyanja imene yagona masana ikhoza kulusa usiku. Usiku wa pa 2 September, 1895, namondwe anawapeza kufupi ndi Rifu, ku Leopard Bay, m'boma la Salima, ndipo botilo linagubuduzika. Williams, amene anali mtulo m'kachipinda ka m'botimo, anamira nalo pamodzi. Maples ankadziwa kusambira, koma mkanjo wake wautali wa unsembe unamwa madzi numulemera. Amalinyero amene anapulumuka anasimba kuti anayesetsa kumuthandiza, koma iye anawauza kuti amusiye, adzipulumutse okha, ndi kukanena kwa Azungu ndiponso kwa Johnson kuti wafa.

Mtembo wake unapezeka patapita masabata awiri, ndipo unazindikirika ndi mkanjo womwe uja. Unaikidwa ku Nkhotakota, ndipo pambuyo pake ku Likoma tchalitchi chachikulu cha St Peter's chinamangidwa pa Chipyela pomwe paja. Anafa ali ndi zaka 43, atakhala Bishopu masiku 65 okha, asanapondenso pachilumba chimene anadzozedwera. Masiku ochepa izi zisanachitike, wansembe wina wa mishoniyi, George Atlay, anali ataphedwa ndi Angoni kutsidya la kum'mawa. Motero mishoni inataya anthu atatu m'nyengo imodzi.

Imfa imeneyi inaphunzitsa onse kuti nyanja ya Malawi si dziwe loseweretsa, ndi kuti panafunika sitima yaikulu ndi yolimba. Abwenzi a mishoni ku Mangalande anasonkha ndalama zopangira sitima ya chikumbutso chake. Kampani ya Alley & McLellan ya ku Glasgow, ku Scotland, ndiyo inaipanga pa mtengo wa mapaundi 13,500. Sitimayo, yotalika mamita 38, anayamba aimanga yonse, kenaka anaiphwasula m'zidutswa 3,481 zoti anthu athe kusenza. Chovuta chinali boila, chithanki chowiritsira madzi otulutsa nthunzi yoyendetsa injini, chimene chinali cholemera matani 11 ndipo sichikanatheka kudulidwa. Polambalala mathithi a Shire, amuna a Chingoni 450 anachikoka pangolo mtunda wa mamailosi 64, kukwera zitunda ndi kuoloka makwawa, akuyenda mamailosi atatu okha pa tsiku. Mayina a amuna amenewa sakumbukika monga likumbukikira la Bishopu, koma popanda thukuta lawo sitimayo sikanaona madzi.

Zidutswa zitafika kwa Mponda panabuka vuto lina. Manambala amene anadindidwa pachidutswa chilichonse anali atakwiririka pamene zitsulozo ankazikuta ndi zinki yoteteza dzimbiri, kotero amisiri anachita kufanizira chitsulo ndi chitsulo chinzake. Ntchitoyo inatenga zaka ziwiri, ndipo pa 6 June, 1901, sitima ya Chauncy Maples inalowa m'madzi. Inali tchalitchi, sukulu ndi malo othandizirapo odwala, zonse m'chombo chimodzi, ndipo Johnson anagwiriramo ntchito zaka zambiri, akuyenda m'sitima yotchedwa dzina la bwenzi lake. Iye anamwalira ku Liuli m'chaka cha 1928.

Sitimayi inasintha ntchito monga dziko linasinthira. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 boma linaitenga kuti izinyamula asilikali. M'chaka cha 1953 mishoni inaigulitsa, niyamba kugwira ntchito ya usodzi. M'chaka cha 1967 boma la Malawi linaigula, ndipo inakonzedwanso kukhala yonyamula anthu ndi katundu, injini ya nthunzi yodya nkhuni italowedwa m'malo ndi ya dizilo. Kuyambira m'chaka cha 1992 inaimikidwa ku Monkey Bay. M'chaka cha 2009 bungwe la Chauncy Maples Malawi Trust linayamba kusonkhanitsa ndalama kuti sitimayi ikonzedwe ndi kusandulika chipatala choyenda panyanja, chofikira midzi ya m'mbali mwa nyanja kumene galimoto silifika. M'chaka cha 2012 inatulutsidwa m'madzi kuti ntchito iyambe, koma ntchitoyo inaima panjira, ndipo chipatalacho sichinanyamuke.

Moyo wa Maples uyenera kuyesedwa pa sikelo yoona. Iye anali mwana wa nthawi yake, ndipo anafika kuno pa zaka zomwe Azungu ankagawana dziko la Africa. Koma analinso munthu amene anaphunzira Chiswahili, Chimakua, Chiyao ndi Chinyanja kuti alankhule ndi anthu m'chinenero chawo, amene anaika makina osindikizira m'manja mwa ana a ku Likoma, ndiponso amene pa ola lake lotsiriza sanalole kuti amalinyero afere iye. Sitima yotchedwa dzina lake ndi chuma cha anthu a kuno monga momwe ilili chikumbutso cha Mzungu uja, pakuti Angoni anaikoka, amisiri a kwa Mponda anailumikiza, ndipo amalinyero a ku Likoma ndi ku Malindi anaiyendetsa. Dzimbiri silidikira kuti anthu amalize kukambirana. Mphunzitsi amene angatengere ana ake ku Monkey Bay kapena ku nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum ku Mangochi, nawafotokozera za manja onse amene anagwira chitsulocho, adzakhala atasunga gawo la mbiriyi limene dzimbiri silingadye.